Malipiro akutha pa 5, kumudzi maso ali pa ine: nditani?

Funso la sabata ino lachokera kwa bambo wina amene wapempha kuti tisatchule dzina lake:

"Zikomo mayi. Ndine bambo wa zaka 36, ndimakhala ku Area 25 ndipo ndimagwira ntchito pa kampani ina ku Kanengo. Akachotsa msonkho ndi penshoni ndimalandira K280,000. Ndili ndi mkazi ndi ana awiri, koma kwathu ku Dowa kuli mayi anga okalamba, achemwali anga awiri amene maukwati awo anatha, ndi ana awo asanu. Onsewa maso ali pa ine. Chaka chatha mayi atadwala ndinatenga K100,000 ya katapila, ndipo mpaka lero khadi yanga ya ku banki ili ndi mwini ndalamayo. Mwezi uliwonse amatapa K50,000 koma ngongole ili pomwepo. Mkazi wanga sakudziwa. Pano achemwali akuti nditenge mwana wawo wamkazi wa zaka 13 azikhala nafe, azithandiza ntchito zapakhomo. Anzanga akuti ndalama zanga zikupita ndi chitaka, ndipite kwa sing'anga. Usiku sindigona, ndipo nthawi zina ndimaganiza kuti bola kungofa. Kodi vuto ndi ine? Ndichite chiyani?"

Achimwene, zikomo polemba, ndipo pepani ndi zimene mukukumana nazo. Ndagwira ntchito yoona za chisamaliro cha mabanja kuno ku Lilongwe kwa zaka zoposa 20. Ndayenda m'tinjira ta Mtandire, Chinsapo, Mgona ndi Kauma mpaka nsapato kutha zidendene, ndipo nkhani yanuyi ndaimva kwa alonda, aphunzitsi, anamwino, madalaivala, ngakhale kwa anthu ovala tayi. Chimasiyana ndi manambala okha. Ndiye funso lanu ndiliyankhiretu: simuli aulesi, simuli opusa, ndipo palibe amene wakulodzani.

Koma ndiyambe ndi mawu aja oti bola kungofa, chifukwa sindikufuna tiwalumphe. Lero lomwe, tisanayambe kuwerengera ndalama, pezani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, kaya ndi mbusa, mkulu wa mpingo, shehe kapena mnzanu wapamtima, mumuuze mawu omwewo monga mwandiuzira ine. Ngati maganizowo afika poti mwayamba kulingalira za njira yake kapena tsiku lake, musadikire kuti kuche kawiri: pitani kuchipatala ndi munthu wokuperekezani, ndipo chilichonse choopsa chimene mwasunga muchipereke kwa iye. M'zipatala za boma muli anamwino ndi madokotala ophunzira za matenda a maganizo, ndipo a St John of God nawo ali ndi malo othandizira anthu kuno ku Lilongwe. Kusagona kwa milungu yambiri, kusamva kukoma kwa chakudya, kuona ngati dziko lonse latseka zitseko, amenewo ndi matenda ndipo amachizika. Ngongole zoposa yanuyi ndaziona zikutha ndi maso angawa. Ana osiyidwa ndi bambo wodzipha ndawaonanso, ndipo awo bala lawo silipola msanga.

Tsopano tiyeni pa chitaka chija. Tengani cholembera. Munatenga K100,000, ndipo mwezi uliwonse mukupereka K50,000 imene ndi chiwongoladzanja chokha, ndalama yeniyeni munabwereka ija osakhudzidwa. Ikatha miyezi 12 mwapereka K600,000, koma mwini ndalama akunenabe kuti ali nanu K100,000. Malipiro a miyezi iwiri yathunthu ndi kapamwamba apita kwa munthu mmodzi amene sanalime, sanasenze, sanadzuke m'mamawa kuthamangira minibasi ya ku Kanengo. Chitaka chanu ndi chimenecho. Sichiuluka usiku, chimapita pa ATM dzuwa likuswa mtengo, khadi yanu ili m'manja mwa mwini katapila. Mukapita kwa sing'anga adzafuna yake ndalama, kenako adzaloza munthu, ndipo kawirikawiri wolozedwayo amakhala gogo wina wosauka wa kumudzi. Ndaona agogo akuthamangitsidwa m'nyumba zawo, ena kumenyedwa, chifukwa cha mdzukulu wa m'tauni amene bajeti inamuvuta. Dziwaninso kuti lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Werengeraninso pakamwa pamene mukudyetsa. Kuno muli anthu anayi, ku Dowa kuli asanu ndi atatu, onse pamodzi 12. Mukagawa K280,000 kwa anthu 12, aliyense sakwanitsa K800 patsiku, ndipo apo sitinachotse lendi, thiransipoti, mayunitsi a magetsi, madzi, makala kapena katapila uja. Ngakhale atabwera katswiri wa zachuma wa ku Reserve Bank, masamu amenewa sangamutheke. Malipiro a munthu mmodzi sangakhale Mtukula Pakhomo wa mbumba yonse.

Chinanso n'chakuti ndalama imene mukulandirayo yachepa mphamvu muli chigwirire. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Dziko lathu limagula kunja mafuta a galimoto, feteleza, mankhwala ndi zinthu zambiri za m'mashopu, pamene ndalama zakunja timadalira kwambiri fodya yemweyo amene mumamuona akulowa ku okushoni ku Kanengo. Madola akasowa, mafuta amasowa ndi kukwera mtengo, ndipo mafuta akakwera chilichonse chimakwera, kuyambira minibasi mpaka mulu wa bonya. M'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. Boma linakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 kumayambiriro kwa chaka chomwecho, koma mitengo inali itathamanga kale. Bungwe la Centre for Social Concern, limene lili pafupi nanu pomwepo, lakhala likuwerengera mwezi ndi mwezi ndalama zimene banja la anthu 6 limafunika kuti lidye ndi kukhala bwinobwino m'tauni, ndipo chiwerengero chawo chimakhala kutali ndi malipiro a antchito wamba ambiri. Ndiye mukaona kuti ndalama imene kale inkafika pa 20 tsopano ikutha pa 5, musayambe kusuzumira pansi pa bedi.

Abale anu akumudzi nawo ndiwaikire kumbuyo pang'ono, chifukwa ndikudziwa kuti foni ikalira, nambala ili ya ku Dowa, mtima umayamba kuwawa. Si ulesi umene ukuwapemphetsa. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'dziko muno, wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni, koma nthaka ndi yomweyo. Munda umene agogo anu ankalima okha lero wagawidwa kwa zidzukulu, aliyense kachigawo kake, kotopa, kosabereka popanda feteleza. Mvula ndi ya nyengo imodzi. Ikavuta monga inachitira mu 2024, pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi ya chilala, chaka chonse chapita. Zipangizo za ulimi zotsika mtengo za AIP, zimene zinayamba mu 2020, sizinkafikira aliyense. Kafukufuku wa boma wa 2019 mpaka 2020 anapeza kuti theka la Amalawi ndi osauka, ndipo kumudzi anali pafupifupi 57 mwa anthu 100 alionse pamene m'tauni anali 19.

Pali msampha umodzi umene ndikufuna muumvetse bwino, chifukwa mankhwala a vuto lanu ali momwemo. Mu Epulo ndi Meyi, chimanga chikangolowa, banja limakhala ndi ngongole, ana alibe zovala, sopo ndi mchere zatha. Mavenda afika ndi masikelo awo pansi pa mtengo, banja ligulitsa motchipa. Ikafika Januwale nkhokwe ili mbee, ndipo chimanga chomwe chija akuchigulanso pamtengo wokwera kwambiri. Kuti apeze ndalama yogulira, achemwali anu amasiya munda wawo uli ndi udzu n'kupita kukapalira wa eni ake pa ganyu. Munda wawo sukolola bwino, ndipo chaka chamawa njala imabwera msanga kuposa chaka chino. Inu mumaitanidwa mu Januwale, zinthu zitafika kale pa mwana wakana phala, ndipo K20,000 imene mumatumiza nthawi imeneyo imagula theka la zimene ikanagula mu Juni.

Mwambo wathu nawo uli ndi mbali yake. Kwa Achewa mwamuna ndi mwini mbumba, ndipo ana a mlongo wako ndi ako. Ine mwambo umenewu sindiunyoza, wapulumutsa ana amasiye ambiri m'zaka zimene Edzi inkatha anthu. Koma kale udindo wa malume unali kugawa munda, kukhala nkhoswe pa ukwati, kuweruza milandu ndi kutsegula nkhokwe pa njala. Sunali kulipira yunifolomu, makope, chigayo, mayunitsi a foni ndi mankhwala a ku famase mwezi ndi mwezi. Ndipo ndikufunseni funso limene m'kalata yanu mulibe: ana asanu aja abambo awo ali kuti? Apa ndiye mwambo timaugwiritsa ntchito molakwika. Mwamuna ukwati ukatha amanyamula kachikwama kake n'kubwerera kwawo, akakwatira kwina, ana n'kusiyira malume ngati iye sanabereke. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limanena momveka kuti kusamalira mwana ndi udindo wa makolo onse awiri, kaya ukwati ulipo kaya unatha. Achemwali anu angathe kuyamba ndi ankhoswe ndi amfumu, zikakanika apite ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya paboma kapena ku khoti la majisitireti kukapempha kuti abambowo azipereka chithandizo. Sizitheka nthawi zonse, ena mwa abambowo alibedi kanthu, koma ndaona ambiri amene ali ndi njinga yamoto ya kabaza kapena munda wa fodya akuyamba kupereka kalata ya khoti itawapeza.

Abale anu amakuonani ngati olemera chifukwa Lilongwe amene amamudziwa ndi wa magetsi, misewu ya phula ndi magalimoto a pa Gateway Mall. Sadziwa kuti mzinda uno, umene unakhala likulu mu 1975 ndipo pofika 2018 unali ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndi mizinda iwiri yogundana misana. Imani kumalire a Mtandire ndi Area 47 m'mawa: mbali ina akuthirira kapinga ndi paipi, mbali ina amayi ali pamzere pa kiyosiki ndi zidebe, ndipo ambiri mwa amayiwo akamaliza kutunga amawolokera kutsidya kukachapa ndi kukolopa m'nyumba za mipanda. Wosauka wa m'tauni amagulanso zinthu modula kuposa wolemera. Wolemera amagula thumba la chimanga, botolo lalikulu la mafuta ndi shuga wa mwezi wonse. Wosauka amagula kaufa ka walkman, timafuta ta m'kapepala ndi kamulu ka makala ka tsiku limodzi, ndipo mukaphatikiza mwezi wonse walipira zambiri pa zinthu zochepa. Ngongole nayo chimodzimodzi: wa nyumba yake amakongola ku banki, inu mumakongola kwa munthu wofuna theka pamwezi. Inu muli pakati, kumudzi akuti ndinu bwana, kuno alandilodi akugogoda.

Nanga titani? Choyamba n'chimene mukuchiopa kwambiri: auzeni akazi anu. Ndikuuzeni za ine mwini. Bambo anga atamwalira ndinali nditangoyamba ntchito, ndipo abale onse anayang'ana ine pa bokosi, galimoto ndi chakudya cha pamaliro. Ndinakatenga ndalama kwa munthu wina wokongoza pafupi ndi kumene ndinkagwira ntchito, osawauza amuna anga. Kwa miyezi isanu ndi iwiri ndinkanama kuti malipiro achedwa, kuti atidula za yuniyoni, kuti andibera m'minibasi. Tsiku lina wokongozayo anafika pakhomo Loweruka m'mawa, amuna anga ali pakhonde akupukuta nsapato, n'kuloza wailesi yathu kuti ainyamula. Manyazi a tsiku limenelo anaposa amene ndinkawathawa aja kakhumi. Amuna anga chimene chinawapweteka si ngongole, koma kuti miyezi yonseyo ankadya nsima ndi munthu wonama. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Akazi anu akudziwa kale kuti chinachake chalakwika, chifukwa ndi iwo amene amaona ndalama ya ndiwo ikuchepa, ndipo mwina akuganiza kuti muli ndi chibwenzi. Sankhani nthawi ana atagona, ikani pepala la masamu aja patsogolo, nenani zonse kamodzi. Adzakwiya, asiyeni akwiye. Ngati mukuopa kuti zifika poipa, itanani nkhoswe akhalepo.

Kenako katapila. Musathamangire kukatseketsa khadi ku banki mwakachetechete n'kuyamba kuzemba, chifukwa anthu ena okongoza ali ndi anyamata awo ndipo mungavulale. Lembani kaye mwezi ndi mwezi zonse zimene watapa. Pitani ku banki mukatenge sitetimenti, umboni wake uli momwemo. Ndiye mupite kwa iye masana, muli ndi mboni yolemekezeka monga amfumu a m'dera lanu kapena mkulu wa mpingo, mumuuze mwaulemu kuti mwapereka kale kangapo kuposa zimene munatenga, ndipo mukufuna mugwirizane ndalama yomaliza ndi tsiku lomaliza, chiwongoladzanja chiime, khadi ibwerere. Zimene mwagwirizana zilembedwe, nonse musainire. Ambiri amavomera, chifukwa akudziwa kuti bizinesi yokongoza ndalama imafuna chilolezo cha Reserve Bank chimene iwo alibe, ndipo safuna nkhani ifike patali. Akakana, dziwani kuti pali lamulo lotchedwa Loans Recovery Act limene limapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole imene chiwongoladzanja chake n'chopyola muyeso. A Legal Aid Bureau ali ndi ofesi kuno ku Lilongwe ndipo ntchito yawo ndi kuthandiza anthu amene sangakwanitse loya. Akayamba kukuopsezani, kubwera usiku, kapena kunyamula katundu popanda chikalata cha khoti, imeneyo ndi nkhani ya kupolisi. Khadi ikabwerera, sinthani nambala yachinsinsi tsiku lomwelo.

Ngati pakufunika ndalama yotsekera ngongoleyo kamodzi, funsani kuntchito ngati amapereka adivansi yopanda chiwongoladzanja, kapena ngati pali SACCO ya antchito. Chiwongoladzanja cha SACCO n'chotsika kutali poyerekeza ndi katapila, ndipo amadula pang'onopang'ono. Banki m'khonde nayo imathandiza, makamaka chifukwa phindu limabwerera kwa mamembala pogawana kumapeto kwa chaka, koma samalani. Magulu ambiri amene ndawaona amaika 10 kapena 20 pa 100 iliyonse pamwezi, ndipo ndaona amayi ali m'magulu atatu, akutenga uku kukabweza uko, mpaka Disembala anzawo kudzazula malata. Lamulo langa ndi limodzi: ngongole yatsopano ikhale yophera yakale yodula, osati yowonjezera pamwamba.

K50,000 ija ikamasuka, musaiuze dziko. Miyezi iwiri kapena itatu yoyamba ikhale yopumira ndi kuyamba kathumba ka mwadzidzidzi, chifukwa chimene chinakulowetsani m'katapila ndi matenda a mayi, ndipo matenda ndi maliro sizipangana tsiku. Kathumbako kakhale pamalo povuta kutapa, osati pa Airtel Money kapena Mpamba ya foni imene mumayenda nayo m'thumba.

Tsopano nkhani yovuta, ya kumudzi. Musaikambe pafoni. Pitani nokha, mukhale pansi ndi mayi, achemwali ndi malume anu ngati alipo, muwaonetse pepala la malipiro lenilenilo. Anthu ambiri amakana zimenezi, amati abale akadziwa malipiro adzapempha kwambiri. Zimene ndaona ine n'zosiyana: amene sadziwa amaganiza kuti mumalandira miliyoni, ndipo mukati mulibe amati mwayamba kudzikonda kapena mkazi wakudyetsani. Auzeni za lendi, auzeni za katapila, auzeni kuti munatsala pang'ono kudwala nazo mutu. Kenako nenani ndalama imene mungathe mwezi uliwonse popanda kukongola, ngakhale itakhala K25,000, tsiku lake lodziwika, ndi munthu mmodzi wolandira. Ine ndimakonda kuti ikhale ya mayi, pa nambala yawo, chifukwa iwo sangathenso kulima. Zopempha zapakati pa mwezi ziyankhidwe ndi mawu amodzimodzi: zilowa pa tsiku lija, kupatula matenda aakulu. Miyezi yoyamba mudzanenedwa, mwina mayi adzalira. Limbani mtima. Chibale ndi fupa, sichiola chifukwa cha K10,000 imene mwakana.

Thandizo lalikulu lisamukire pa nthawi imene ndalama ili ndi mphamvu. Mu Meyi ndi Juni, chimanga chikatchipa, gulani matumba angapo konko ku Dowa, musunge m'matumba osalowa mpweya a PICS kapena muthire mankhwala a anankafumbwe, ndipo asungidwe kwa munthu wodalirika ndi pangano loti satsegulidwa mpaka Disembala. Mu Okutobala thandizani mbewu ndi feteleza, ngakhale thumba limodzi, mvula isanagwe ndipo mitengo isanapenge. Thumba la chimanga limene lili m'nyumba mu Januwale limachita ntchito ziwiri: limadyetsa ana, komanso limasunga achemwali m'munda mwawo nthawi yopalira m'malo mokagwira ganyu kwa ena. Dowa ndi dera la soya ndi mtedza, mbewu zosafuna feteleza wambiri ndipo msika wake ulipo, ku Mgona komweko amagula mtedza tsiku ndi tsiku. Alimbikitseni agawe munda.

Za mpamba wa geni ndinene mosamala, chifukwa aliyense amati apatseni mpamba basi. Mpamba woperekedwa m'nyumba muli njala umadyedwa, ndipo si kuba, ndi njala. Mpamba uperekedwe chakudya chilipo, pa geni imene mwini wake waisankha ndipo anaichitapo, ndipo unenedwe poyera kuti ndi kamodzi. Nkhuku zachikuda, mbuzi imodzi yaikazi, dimba la tomato ngati kuli dambo, zoterezi zimapirira kuposa kagolosale kamene abale amangotengamo pangongole. Funsaninso za Mtukula Pakhomo. Pulogalamuyi inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo tsopano ili m'maboma onse. Imafuna mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, monga agogo olera ana. Popeza achemwali anu ali ndi mphamvu, n'kutheka kuti banjalo silingalowe, koma ngati mayi amadya paokha ndi zidzukulu, kafunseni kwa amfumu ndi ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ku Dowa kuti kalembera amayenda bwanji. Kulembetsa n'kwaulere, aliyense wofuna kangachepe kuti alowetse dzina ndi wakuba.

Mwana wa zaka 13 uja, yankho langa ndi lakuti pakadali pano ayi. Taonani mmene pempho labwerera: azithandiza ntchito zapakhomo. Sukulu sinatchulidwe. Ndakumana ndi atsikana ambiri amene anabwera m'tauni ndi lonjezo la sukulu, n'kukhala oyamba kudzuka ndi omaliza kugona, akutunga madzi, kuchapa matewera ndi kugulitsa mandasi pamsewu pamene ana a mwini nyumba ali m'kalasi. Eni nyumbawo sanali anthu oipa, ambiri anali ngati inu, ndalama zinangowathera ndipo woyamba kuchotsedwa pa bajeti anali mwana wobwerayo. Kenako kumabwera mimba ya mnyamata wa kabaza kapena bambo wa nyumba yoyandikana, ena amathawa n'kukapezeka kudepoti. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo mukamutenga udindo wonse wa kholo uli pa inu. Sukulu ya pulaimale ndi yaulere kuyambira 1994, ndiye n'kotchipa kumugulira yunifolomu, makope, sopo ndi zofunika za atsikana ali kwa mayi ake kusiyana ndi kumudyetsa kuno. Mtsogolo zinthu zikakhazikika, mukagwirizana ndi akazi anu, mungamutenge, koma malo a sukulu apezeke iye asanakwere basi, ndipo ntchito zapakhomo azigawana mofanana ndi ana anu. Pokhapokha ngati kumudziko akuzunzidwa kapena akufuna kumukwatitsa, pamenepo musadikire: imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena dziwitsani apolisi a Victim Support Unit.

Mwezi ukafika pakati, mayesero adzabwera ndi nkhope ya chithandizo. Wina adzakuonetsani kandege pafoni kuti K2,000 yasanduka K40,000, koma sadzakuonetsani masiku amene inagwa isananyamuke. Wina adzabwera ndi gulu la pa WhatsApp loti ikani K20,000 mubweretse anthu atatu. Wina adzati bzalani mbewu kwa mneneri kuti ngongole ifufutike. Onsewa amadya anthu otopa, ndipo inu panopa ndinu wotopa. Mowa nawo umagonetsa usiku umodzi n'kudzutsa ngongole ziwiri. Mukaona kuti mwayamba kubisa zimene mwabetcha kapena kumwa kuti mugone, bwererani kwa munthu munamuuza uja, kapena kwa aphungu a kuchipatala.

Mwezi uno usanathe chitani zitatu zokha, zinazo zidikire: uzani munthu za maganizo a imfa aja, khalani pansi ndi akazi anu, ndipo katengeni sitetimenti ku banki. Mukapita kwa mwini katapila musapite tsiku la malipiro, pitani pakati pa mwezi iye alibe choti atape, ndipo mboni yanu ikhale munthu amene iyeyo amachita naye manyazi. Mukatero mundilemberenso mundiuze wanena chiyani, tidzaone ngati nkhaniyi ikuthera pakhonde la amfumu kapena tikufunika kulemba kalata yopita ku Legal Aid.